Chibwerereni aphunzitsi atsopano, mwana wanga wasiya kuwerenga payekha

Mayi wina wandilembera kuti: "Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 11. Chaka chatha akaweruka ankatenga yekha mabuku n'kumawerenga popanda womuuza, ndipo ankatitopetsa ndi mafunso. Chaka chino ali ndi aphunzitsi ena. Tsopano sagwira buku ndikapanda kumukalipira, homuweki amafuna ndimuuze yankho lililonse, ndipo kawiri konse ndamugwira akunama kuti sanapatsidwe ntchito. Chimene chandipweteka kwambiri n'choti dzana ndinamumva akuuza mng'ono wake kuti 'ndiwe mbuli, mutu wako sugwira', mawu amene pakhomo pano sitiyankhula. Kodi mphunzitsi angasinthe khalidwe la mwana chonchi? Ndimusamutse sukulu, kapena ndikayankhule nawo aphunzitsiwo?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale pansi. Mwana amene chaka chatha ankatsegula buku popanda womutuma sangataye chidwi chimenecho m'miyezi yochepa chabe. Chilipo, changobisala. Ndagwira choko zaka zambiri, kenaka ndinayamba kuphunzitsa aphunzitsi ongoyamba kumene ntchito, ndipo ana ofota chonchi ndawaona ambiri, ndawaonanso akutsitsimuka. Mwachita bwino kuti mwaona msanga, ndiponso kuti simunathamangire kumutchula mwanayo waulesi.

Pa funso lanu loyamba, yankho ndi inde. Mphunzitsi angathe kuumba khalidwe la mwana, kuliwongola kapena kulipotoza, ndipo kawirikawiri mwiniwakeyo sadziwa n'komwe kuti akutero. Ife aphunzitsi timaganiza kuti tikuphunzitsa masamu, sayansi kapena chiyankhulo, koma ana amakhala akutolanso zina zimene sitinalembe pabolodi. Amaona mmene timayankhulira tikapsa mtima, amene timamumwetulira ndi amene timamudumpha, ngati timavomera tikalakwitsa, ngati timasunga zimene talonjeza. Phunziro limeneli lilibe mayeso, koma ndi limene limakhazikika kwambiri mumtima mwa mwana. Mu 1961 katswiri wa kaganizidwe ka anthu, Albert Bandura wa pa yunivesite ya Stanford, anazionetsa poyera. Ana ang'onoang'ono a zaka zapakati pa 3 ndi 6 anaonerera munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopa, uku akuchinenera mawu aukali. Atawasiya ndi chidolecho, ambiri anachita zomwezo, ena mpaka kubwereza mawu ake enieniwo. Palibe anawatuma, anangoona basi. N'chifukwa chake mawu amene mwana wanu anauza mng'ono wake sindikuwatenga mopepuka. Anawamva penapake, mwina akunenedwa kwa iye, mwina kwa mnzake wokhala naye pafupi, ndipo wabwera nawo kunyumba kudzawayesera pa munthu womuchepera mphamvu.

Komabe musafulumire kunena kuti anawanena ndi aphunzitsi ake. Akhoza kukhala anzake. Ngakhale zitatero, mphunzitsi ali ndi mbali yake, chifukwa ana amanyozana momasuka m'kalasi mmene wamkulu amamva n'kungokhala chete. Chimene mphunzitsi amalekerera chimasanduka lamulo la kalasiyo.

Tsopano za kuwerenga payekha, ndipo apa ndichedwapo chifukwa m'pamene pagona nkhani. Ndikamayendera aphunzitsi m'makalasi mwawo, pali kamphindi kamodzi kamene ndimakayembekezera kuposa zonse: pamene mwana wakweza dzanja n'kupereka yankho lolakwika. Zimene mphunzitsi amachita pamenepo zimandiuza zambiri kuposa zonse zimene walemba pokonzekera phunzirolo. Wina amati, "Wayesetsa, tatiuza wadzera pati kuti ufike pamenepo," ndipo kalasi yonse imaona kuti kulakwitsa ndi gawo la ulendo wopita ku yankho. Wina amatsonya, kupukusa mutu, kapena kuponya mawu oti anzake aseke. Pamenepo ana onse, ngakhale amene sanakweze dzanja, amamva uthenga umodzi: ndi bwino kukhala phee n'kudikira kuuzidwa. Kuphunzira pawekha kumafuna mtima wolimba woti uyese chinthu chimene sukudziwa ngati uchikhoza. Mwana amene wazolowera kuti kulakwitsa n'kochititsa manyazi sangayese ali yekha. Amafuna wamkulu amuuze yankho, kuti likapezeka lolakwika mlandu usakhale wake. Ndikuona kuti ndi zimene akuchita kwa inu pa homuweki.

Ndikunena izi ndi chisoni, chifukwa inenso ndinalakwapo. M'chaka changa chachiwiri pa ntchito, mnyamata wina wokonda kuyankha anapereka yankho losokonekera pa masamu, ine n'kulibwereza mokweza ndi mawu oseketsa. Kalasi inaseka, ine ndinapitiriza phunziro n'kuiwala. Patapita milungu ingapo m'pamene ndinazindikira kuti dzanja lake silinakwerenso. Ndikamachonga kope lake ndinkapeza masamu ovuta atawadumpha, pomwe kale ankayesa ngakhale molakwitsa. Ndinamuitana n'kumupepesa, ndipo tsiku lina ndinapepesanso pamaso pa anzake. Inatha pafupifupi teremu yathunthu asanayambirenso kuyankha. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma manyazi amenewo ndinamuveka ndine, ndipo mpaka lero sindiiwala.

Bodza la homuweki lija nalonso ndikuliona ngati chipatso cha mantha omwewo. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck anafalitsa kafukufuku amene anachita ndi ana amsinkhu wa mwana wanuyu. Anawapatsa mafunso, ndipo atamaliza, ena anawayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Atawafunsa ntchito imene angakonde kuchita kenaka, ambiri mwa oyamikiridwa nzeru aja anasankha yosavuta. Onse atapatsidwa mafunso ovuta kwambiri n'kusachita bwino, oyamikiridwa nzeruwo ndi amene anagwa mphwayi msanga. Ndiye atauzidwa kuti alembere ana ena za malikisi amene apeza, pafupifupi 4 mwa 10 alionse a gulu limeneli anadziwonjezera malikisi, pomwe mwa oyamikiridwa khama onama anali ochepa kwambiri. Mwana akakhulupirira kuti malikisi ndiwo amanena kuti iye ndi munthu wotani, amabisa kulephera ngati chilonda. Apa ndikupempheni mudzifunsenso inuyo, osati modziimba mlandu: chaka chatha, pamene ankakhoza, munkamuyamikira ndi mawu otani? Makolofe timati "mwana wanga ndi wanzeru" chifukwa cha chikondi. Koma mwana amene wakula atatsamira pa mawu amenewo, tsiku limene wina wamutchula mbuli amagwa koopsa, poti alibe pena pogwira.

Si mphunzitsi waukali yekha amene amafooketsa kudzidalira kwa ana. Palinso wokoma mtima mopitirira, amene safuna kuona mwana akuvutika. Amalemba notsi zonse pabolodi ana n'kumangokopera, amasonyeza njira imodzi yokha yopezera yankho, ndipo mwana akangoima pang'ono kuti aganize, iye wafika kale ndi yankholo. Ana amamukonda, mayeso ake amakhozanso, koma akachoka pamaso pake amasowa poyambira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe anajambula mawu m'makalasi ambiri a sayansi n'kupeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanalibwereze, kuloza mwana wina kapena kudziyankha. Aphunzitsi ataphunzitsidwa kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana anatalika, ana amene ankangokhala chete anayamba kuyankha, ndipo anayambanso kufunsa okha mafunso. Masekondi atatu okha. Ndimauza mphunzitsi aliyense watsopano kuti luso lovuta kwambiri pa ntchito yathuyi ndi kutseka pakamwa mwana akamaganiza.

Lev Vygotsky, katswiri wa ku Soviet Union amene anamwalira mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha, anafotokoza kuti pali zimene mwana angachite yekha, ndipo pamwamba pake pali zina zimene angathe pokhapokha wina atamugwira dzanja pang'ono. Kuphunzira kwenikweni kumachitikira pamenepo. Mu 1976 David Wood, Jerome Bruner ndi Gail Ross anafanizira thandizo limeneli ndi mitengo ija imene omanga nyumba amaimika kuti azikwerapo khoma likamakwera. Nyumba ikatha, mitengoyo imachoka. Ndikamawerenga kalata yanu, ndikuona kuti aphunzitsi a chaka chatha ankadziwa kuthandiza n'kubwerera m'mbuyo pa nthawi yake, mwanayo n'kumva kukoma kopeza chinthu yekha. Kukoma kumeneko ndiko kunkamutsegulitsa mabuku kunyumba.

Tisanawaweruze aphunzitsi atsopanowa, tiyang'anenso kwina. Ntchito ya kusukulu imalimba chaka ndi chaka, ndipo mwana amene ankakhoza mosavutikira amatha kukumana ndi phunziro loyamba lomuvuta n'kudzidzimuka. Zaka 11 ndi nthawi imene atsikana ambiri amayamba kutha msinkhu, maganizo amasinthasintha ndipo zonena za anzawo zimayamba kulemera kuposa za makolo. Pangakhale mnzake womupezerera. Pangakhale vuto la maso, makamaka ngati chaka chino akukhala kumbuyo, pakuti ana ambiri osaona bwino patali sanena, amangoyesa kuti aliyense amaona choncho. Kugona mochedwa, foni, kapena kusintha kwina kwa pakhomo nazonso zimachita zomwezi. Ndipo kumbukirani kuti mphunzitsi amene ali ndi ana ochuluka m'kalasi, uku akuthamangitsidwa kuti amalize maphunziro mayeso asanafike, amatha kuuma pakamwa chifukwa cha kutopa, osati nkhanza. Sizikutanthauza kuti mawu onyoza ndi abwino, koma zikuthandizani kudziwa kayankhulidwe kopita nako.

Yambani ndi mwanayo. Musamukhazike pansi ngati pa mlandu, ndipo musamufunse kuti "aphunzitsi ako amakunyoza?" chifukwa mwana amayankha zimene akuona kuti mukufuna kumva. Mufunseni muli pa ntchito ina limodzi, maso asakuyang'anizana. "M'kalasi mwanu munthu akalakwitsa yankho zimatha bwanji?" "Ndani amayankha kawirikawiri?" "Ukapanda kumvetsa umatani?" Ana amamasuka kufotokoza za anzawo kuposa za iwo eni, ndipo pofotokoza za mnzake amakhala akukuuzani zake. Akayamba kuyankhula musamudule, ngakhale mutamva zokupsetsani mtima. Mukalusa pomwepo, adzaopa kuti mukakayambitsa mkangano kusukulu, ndipo adzatseka pakamwa. Tsegulaninso makope ake muone kachongedwe. Kodi muli mitanda yokhayokha, kapena muli mawu omuuza pamene wasochera? Kodi ntchito yake ndi yokopera yokha, kapena pali pamene akulemba maganizo ake?

Kenaka pitani kwa aphunzitsiwo, inde. Pemphani nthawi yokumana panokha, osati pakhomo la kalasi ana akuonerera, ndipo musayambire kwa mphunzitsi wamkulu musanayankhule ndi mwiniwake. Pitani ngati munthu wodzapempha nzeru. Mukhoza kunena kuti, "Aphunzitsi, mwana wanga chaka chatha ankakonda kuwerenga ndi kufunsa, koma pano waoneka wamantha. Inu mukumuona bwanji m'kalasi? Tingathandizane bwanji?" Mawu otere ali ndi mphamvu imene makolo ambiri saidziwa. Mu 1968 Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zimene anapeza pa sukulu ina ya pulayimale ku California. Anauza aphunzitsi kuti ana ena, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse, aonetsa zizindikiro zoti achita bwino kwambiri chaka chimenecho, pomwe mainawo anangowasankha mwachisawawa. Chaka chikutha, ana amenewo anapitadi patsogolo kuposa anzawo, makamaka a m'makalasi oyambirira. Kafukufuku wapambuyo pake anasonyeza kuti mphamvu imeneyi si yaikulu monga ankaiganizira poyamba, koma ilipo ndithu: mwana amene mphunzitsi akumuyembekezera zabwino amafunsidwa mafunso ambiri, amadikiridwa, amamwetuliridwa. Mwina aphunzitsi atsopanowa amangomudziwa mwana wanu ngati kamtsikana kachete ka pakona. Inu mukawauza za mwana wa mafunso uja, mwawapatsa maso ena omuonera. Za mawu onyoza aja, zinenenso, koma mosaloza chala: "Wayamba kuyankhula mawu akutiakuti kunyumba, ndipo ndikufuna tithandizane kupeza kumene akuwamva." Mphunzitsi wanzeru amva, ndipo ngati mawuwo ndi ake adziwa yekha.

Kunyumba kuli ntchito yanu, ndipo ndi yaikulu. Akakufunsani yankho la homuweki, musamupatse, komanso musamukane mouma. Mufunseni kuti, "Funsoli likufuna chiyani? Wayesa chiyani kale? Tayamba pamene ukudziwa." Kenaka dikirani, ngakhale chete atakusowetsani mtendere. Masiku oyamba khalani pambali pake, kenaka muzikhala chapatali mukuchita zanu, kenaka azibwera kwa inu atamaliza. Akalakwitsa, musafufute cholakwacho, mufufuze naye pamene njira inakhotera. Mulole apite kusukulu ndi ntchito yakeyake ngakhale ili ndi zolakwa, chifukwa homuweki yokhoza yonse koma yolembedwa ndi nzeru za amayi imanamiza mphunzitsi ndi mwana yemwe. Muphunzitseninso kuwerenga kothandiza: awerenge ndime, atseke buku, akuuzeni m'mawu ake zimene wamva, kenaka atsegule aone zimene wasiya. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anasonyeza mu 2006 kuti ophunzira amene ankadziyesa pokumbukira chonchi, patatha mlungu ankakumbukira zambiri kuposa amene ankangowerenga mobwerezabwereza. Ubwino wina wa njirayi ndi woti mwana amadziwa yekha ngati wamvetsa, osadikira cholembera chofiira cha munthu wina.

Pewani kumugula ndi mphatso kuti awerenge. Mu 1973 Mark Lepper ndi anzake anatenga ana a mkaka okonda kujambula, ena n'kuwalonjeza mphotho akajambula. Patapita masiku, olonjezedwa mphotho aja ankajambula mochepa kuposa anzawo akapatsidwa mpata wosewera okha. Chimene ankachita chifukwa chokonda chinasanduka ganyu. Mwana wanu ankawerenga mwa kufuna kwake, ndipo ndi kufuna komweko kumene tikufuna kubwezeretsa. Mupezereni mabuku osakhudza mayeso, asankhe yekha, ndipo muzimufunsa zimene zamusangalatsa.

Bodza lija ndi chipongwe chija musazilekerere, koma muzidzudzule modekha. Muuzeni kuti, "Kulephera sindikukalipira, koma kunama sindilola." Ndipo mawu amenewa muwasunge, tsiku limene adzabwere ndi malikisi otsika. Za mng'ono wake, apepese, kenaka mumufunse mmene munthu amamvera akauzidwa mawu amenewo. Musadabwe akagwetsa misozi, pakuti mwina yankho akulidziwa bwino. Chinthu chimodzi chokha ndikuletseni: musawanyoze aphunzitsiwo mwana akumva. Mukhoza kumuuza kuti mawu akutiakuti si abwino ngakhale atanena wamkulu, koma mukamuphunzitsa kupeputsa mphunzitsi wake, adzatseka makutu ku zonse, zabwino zomwe, ndipo wotaya ndi iyeyo.

Kusamutsa sukulu ndikuti dikirani kaye. Kumamuchotsera mwana anzake, kumamusokoneza pakati pa chaka, ndipo kumene mukupitako simudziwa kuti akakumana ndi yani. Pa moyo wake wa sukulu adzadutsa m'manja mwa aphunzitsi ambiri, okoma ndi ouma, ndipo chaka chovuta chimodzi, ngati kunyumba kuli womugwiriziza, chimatha kumusiyira mphamvu yodziwa kuphunzira ngakhale wophunzitsayo sakumusangalatsa. Perekani milungu isanu kapena isanu ndi umodzi mutakumana ndi aphunzitsiwo. Ngati palibe kusintha, kapena akukanani kukumana nanu, kapena mwana wayamba kulangidwa chifukwa choti munapita, pamenepo kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu, mutalemba masiku ndi zimene zinachitika. Ngati sukuluyo ili ndi makalasi awiri a msinkhu umodzi, kupempha kuti asinthe kalasi n'kopepuka kusiyana ndi kusintha sukulu.

Pali zina zosafunika kudikira milungu imeneyo. Mukaona mabala kapena zipsera pathupi pake, akayamba kukana kupita kusukulu, kudandaula mutu kapena m'mimba m'mawa wa tsiku la sukulu lililonse, kukodza pogona pomwe anasiya kale, kulota zoopsa, kusadya, kapena kuopa kutsala yekha ndi munthu wina wake wamkulu, pitani kwa mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo ndipo mupite naye kuchipatala. Ngati akuuzani kuti wina amamugwira mosayenera kapena kumuopseza kuti asaulule, mukhulupirireni, musabwerere naye kwa munthuyo, ndipo kaneneni kupolisi ndi kwa oona za chitetezo cha ana. Akamayankhula zoti ndi wachabechabe kapena zofuna kudzivulaza, funani dokotala kapena mlangizi wa ana mosachedwa. Ndipo ngakhale zonsezi palibe, mukamuyezetse maso ndi makutu teremu ino. Ngati akulimbikira koma kuwerenga kapena masamu zikumukanikabe, pemphani sukulu kuti amuunike aphunzitsi odziwa za ana ovutika kuphunzira.

Mukakumana nawo aphunzitsiwo, mundilemberenso mundiuze zimene ayankha komanso zimene mwapeza m'makope mwake, tidzaone limodzi ngati pakufunika kupita kwa mphunzitsi wamkulu.